Cilolezo Cimene Cithera pa Mlatho

Amene munayendapo pa msewu waukulu wocokera ku Chipata kunka ku Lusaka mudziwa bwino mlatho wa pa Luangwa. Basi ikaoloka pamenepo mwatuluka m'cigawo ca Kum'mawa ndipo mwalowa m'cigawo ca Lusaka, koma pa inu palibe cimene casintha. Cimene cinali cololeka kutsidya lija cikali cololeka kutsidya lino. Citupa canu, laisensi ya woyendetsa galimoto ndi lamulo la dziko, zonse zaoloka nanu pamodzi. Tayamba ndi mlatho umenewu cifukwa nkhani yathu ya mwezi uno ndi ya mlatho wina wa kutali, ku United States of America, kumene munthu angathe kunyamuka pa nyumba pace ali womvera lamulo, n'kuoloka mtsinje, n'kupezeka ali kale ndi mlandu wa zaka zingapo m'ndende, iye osaonjeza kapena kucotsa kanthu m'cikwama cace.

Mu Okutobala 2013, mai wina wa zaka 27 dzina lace Shaneen Allen, wa mu mzinda wa Philadelphia m'siteti ya Pennsylvania, ananyamuka pa galimoto kunka ku Atlantic City. Anali kulera yekha ana awiri, ndipo nchito yace inali yotenga magazi a odwala kuti akapimidwe. Popeza acifwamba anali atamcita cipongwe kawiri m'miyezi ya m'mbuyomo, anagula kamfuti kakang'ono ka m'thumba natenga cilolezo ca boma la Pennsylvania comulola kuyenda nako mobisa. Pakati pa Philadelphia ndi siteti ya New Jersey pali mtsinje wa Delaware. Ataoloka, wapolisi anamuimitsa pa kamlandu kakang'ono ka pa msewu, ndipo maiyo anaulula yekha kuti ali ndi mfuti m'galimoto, naonetsa cilolezo cace. Anamangidwa pomwepo. New Jersey savomereza cilolezo ca Pennsylvania, kapena ca siteti ina iliyonse, ndipo lamulo la kumeneko linali kunena kuti wopezeka ndi mlandu wotere asakhale m'ndende zaka zocepera 3 ndi theka.

Anagona m'citokosi masiku oposa 40 asanapeze belo. M'siteti imeneyo muli njira yopatsa munthu wolakwa koyamba mpata wopewa ndende, koma woimira boma pa milandu anakana kumuikamo. Cimene cinautsa mkwiyo wa anthu n'cakuti ofesi yomweyo inapereka mpata umenewu kwa wosewera mpira wochuka, Ray Rice, amene anamenya mkazi womutomera mpaka kukomoka mu hotela ya mu Atlantic City momwemo. Anthu anafunsa kuti muyeso wace ndi uti. Mu Seputembala 2014 boma linabweza mtima ndipo mai Allen anapatsidwa mpata uja. Mu Epulo 2015 Bwanamkubwa Chris Christie anamkhululukira mlandu wonse.

Dziko limodzi, mabuku a malamulo 50

Kodi cinthu cotere citheka bwanji m'dziko la mbendera imodzi ndi Pulezidenti mmodzi? Yankho lili m'mapangidwe a dzikolo. United States ndi cigwirizano ca masiteti 50, ndipo siteti si cigawo monga ticidziwira ife, cokhala ndi nduna yotumidwa kucokera ku likulu. Iliyonse ili ndi bwanamkubwa wace wosankhidwa ndi anthu, nyumba yace ya malamulo, makhoti ace ndi buku lace la milandu. Ngakhale apolisi sali gulu limodzi la mkulu mmodzi: m'dziko lonse muli magulu a apolisi pafupifupi 18,000, a mizinda, a maboma ang'onoang'ono, a masiteti ndi a boma lalikulu la ku Washington.

Pamwamba pa zonsezi pali malamulo aakulu a dziko, ndipo mwa ndime khumi zimene zinaonjezedwamo mu 1791, yaciwiri ikamba za ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida. Popeza ndime yomweyo ichulanso za gulu la nzika zoteteza dziko, anthu anatsutsana kwa zaka zoposa 200 ngati ufuluwo uli wa munthu payekha kapena wa gulu. Mu 2008, pa mlandu wa Heller, Khoti Lalikulu linagamula ndi oweruza 5 kwa 4 kuti ndi wa munthu payekha, makamaka pofuna kudziteteza m'nyumba mwace. Mu 2010 linati cigamuloci cigwiranso maboma a masiteti ndi mizinda. Mu Juni 2022, pa mlandu wa Bruen, oweruza 6 kwa 3 anati ufuluwo suthera pa khomo la nyumba, nathetsa lamulo lakale la New York limene linali kufuna kuti wopempha cilolezo aonetse cifukwa capadera coposa ca anthu ena onse. Koma zindikirani cimene khotilo silinanene. Silinati zilolezo zithe, ndipo silinalamule siteti iliyonse kulandira pepala la inzace.

Kale, m'masiteti ambiri, kuyenda ndi mfuti mobisa kunali koletsedwa, kapena kunali m'manja mwa mkulu wa apolisi kupatsa amene wamufuna ndi kumana amene sanamufune. Zinayamba kutembenuka mu 1987 pamene Florida inakhazikitsa lamulo lakuti aliyense wokwaniritsa zofunika zolembedwa apatsidwe cilolezo popanda kunyengerera munthu. Masiteti ambiri anatsatira, ndipo Illinois ndiyo inali yotsiriza kulola, mu 2013. Kenaka kunabwera funde lina, lakuti cilolezo cenicenico n'cosafunika. Vermont sinafunepo cilolezo ciyambire. Alaska inatsatira mu 2003, Arizona mu 2010, Texas mu 2021, Florida mu 2023, ndipo pofika mu 2024 masiteti otere anakwana 29.

Cotero taonani kusiyana kwace. Ku Pennsylvania munthu wa zaka 21 wopanda mlandu alandira cilolezo popanda kuphunzira kuombera ngakhale ola limodzi. Ku New York, kuyambira mu 2022, ayenera kukhala m'kalasi maola 16 ndi kuombera maola 2 pamaso pa mphunzitsi. Ku Indiana cilolezo amapatsa ngakhale wa zaka 18. Siteti iliyonse isankha yokha zilolezo za anzace zimene idzalandira, mwina mwa pangano, mwina mwa lamulo lace, ndipo mndandandawo usinthasintha. Ena alandira za onse. California, New York, New Jersey, Maryland, Massachusetts ndi Hawaii salandira ca wina aliyense. Munthu wa ku Vermont ndiye ali m'vuto loseketsa: popeza kwao sapereka cilolezo, alibe pepala loonetsa kwa eni, ndipo ayenera kukapempha ku siteti ina, monga Utah kapena Florida, zimene zimapatsa ngakhale anthu osakhala kumeneko. Lilipo lamulo la boma lalikulu la mu 1986 lolola munthu wa paulendo kudutsa ndi mfuti m'siteti yoletsa, koma mfutiyo iyenera kukhala yopanda zipolopolo ndi yotsekeredwa kumene dzanja silifika. Limeneli lithandiza mlenje wopita kukasaka. Silithandiza mai woopa acifwamba.

Apolisi anayamba kuoloka

Alipo anthu amene mlatho unatseguka kale kwa iwo, ndipo nkhani yao ndiyo tifuna kuikhalira pang'ono, cifukwa muli phunziro la mmene cinthu cotere cingacitikire. Mu 1992 phungu wina wa ku California, Randy Cunningham, anabweretsa ku Nyumba ya Malamulo ganizo lakuti apolisi aloledwe kuyenda ndi mfuti mobisa m'dziko lonse, ali pa chuthi kapena atapuma nchito. Ganizolo linazungulira zaka 12. Oligwirizira, motsogozedwa ndi bungwe la apolisi wamba la Fraternal Order of Police, anali kunena kuti munthu amene wapolisi anamumanga amatuluka m'ndende tsiku lina, ndipo saiwala nkhope ya womumanga. Wapolisi angavule yunifomu, koma adani ace sapuma naye pamodzi. Pambuyo pa zoopsa za pa 11 Seputembala 2001 anaonjeza mfundo yakuti dziko lifunika manja ambiri ophunzitsidwa pakati pa anthu.

Codabwitsa n'cakuti otsutsa kwambiri anali mabwana a apolisi omwewo. Bungwe la akuluakulu a apolisi la International Association of Chiefs of Police linakana, ndipo Senator Edward Kennedy anakana nalo. Nkhawa zao zinali za munthu wodziwa nchito. Maphunziro a apolisi salingana m'magulu 18,000 aja. Wapolisi wa mu mzinda wina akasolola mfuti m'mzinda wa eni ali m'zovala wamba, apolisi a pamalopo adzamudziwa bwanji kuti ndi mnzao? Ndipo akalakwitsa n'kuombera munthu wosalakwa, mlandu udzagwera yani, iye kapena gulu limene linamulemba nchito? Komabe pa 22 Julai 2004 Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulolo, limene lidziwika ndi dzina lacidule lakuti LEOSA.

Lamuloli silinaperekedwe ngati mphatso yopanda zingwe. Wapolisi amene ali pa nchito ayenera kukhala wololedwa ndi gulu lace kunyamula mfuti, wosakhala pa cilango cimene cingamcotsere mphamvu zace, wokhoza mayeso a kuombera a gulu lace, ndi wonyamula citupa ca cithunzi. Wopuma ayenera kuti anacoka pa nchito ndi mbiri yabwino, atatumikira zaka zokwanira: poyamba zinali 15, koma mu 2010 zinatsitsidwa kufika pa 10, ndipo mu 2013 apolisi a m'gulu la nkhondo anaonjezedwamo. Coposa zonse, wopumayo ayenera kukhoza mayeso a kuombera m'miyezi 12 iliyonse, ndi ndalama za m'thumba mwace. Akaledzera, ufuluwo wamcokera nthawi yomweyo. Mfuti zolavula zipolopolo mosalekeza, zipangizo zoletsa mfuti kulira ndi mabomba sizili m'gulu la zololedwa. Ndiponso lamuloli silimupatsa mphamvu za upolisi kwa eni: kunja kwa dera lace iye ndi munthu wamba amene ali ndi mfuti, basi.

Malire ena anatsala. Mwini sitolo kapena nyumba angaletse mfuti pa malo pace ngati lamulo la siteti limulola kutero, ndipo siteti ingaletse m'nyumba za boma ndi m'mapaki ace. M'ndege ndi m'maofesi a boma lalikulu muli malamulo ena. Palinso lamulo la mu 1990 loletsa mfuti pa mtunda wa mafiti 1,000, ndiwo mamita pafupifupi 300, kuzungulira sukulu, limene limasiya a cilolezo ca siteti yomweyo ndi apolisi amene ali pa nchito. Tanthauzo lace n'lakuti gogo amene anatumikira upolisi zaka 30, akapita kukatenga mdzukulu ku sukulu m'siteti ina ali ndi mfuti m'lamba, angapezeke wolakwa. Mu 2024 nyumba yocepa ya malamulo, House of Representatives, inavomereza kukonza mbali imeneyi, koma Senate sinaimalize caka cimeneco.

Masiteti ena sanalandire LEOSA ndi manja awiri. New Jersey inapitiriza kufuna kuti apolisi opuma okhala kumeneko atenge cilolezo cacecace, niletsanso zipolopolo za mphuno yobooka, zimene zimafutukuka zikalowa m'thupi. Panapita zaka 20 kufikira mu Febuluwale 2024, pamene khoti la apilo la boma lalikulu linagamula kuti lamulo la ku Washington liposa la siteti pa nkhaniyi. Ena opuma akhala akuyenda m'makhoti cifukwa magulu ao akale akana kuwapatsa citupa, pakuti lamulo linafuna citupaco koma silinanene momveka kuti gulu liyenera kucipereka.

Nanga anthu wamba?

Apolisi ataoloka, eni mfuti wamba anafunsa kuti, nanga ife? Funso limeneli lafika ku Nyumba ya Malamulo kambirimbiri. Mu Julai 2009 ganizo la Senator John Thune linapeza mavoti 58 mu Senate, kupereweza awiri okha pa 60 amene afunika kuti nkhani yotere ipite patsogolo. Mu Novembala 2011 nyumba yocepa inavomereza ndi mavoti 272 kwa 154, koma Senate sinacitepo kanthu. Mu Epulo 2013 ganizo la Senator John Cornyn linapeza 57. Pa 6 Disembala 2017 nyumba yocepa inavomerezanso, 231 kwa 198, bilu ya phungu Richard Hudson wa ku North Carolina, ndipo dzina la mai Allen linachulidwa kawirikawiri pa mtsutsowo. Nayonso inafera ku Senate. Mu 2025 phungu yemweyo anaibweretsanso, Pulezidenti Donald Trump atalonjeza pa misonkhano ya cisankho kuti adzasaina lamulo lotere likadzafika pa tebulo pace.

Mtima wa bilu ya 2017 unali wakuti munthu wa cilolezo ca siteti imodzi aloledwe kuyenda ndi mfuti mobisa m'masiteti ena onse, ndipo wocokera kumene safuna cilolezo angoonetsa citupa ca cithunzi. Oigwirizira ali ndi mfundo ziwiri zolimba. Yoyamba: ngati uwu ndi ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu, monga ufulu wolankhula kapena wopembedza, sungathere pa mlatho. Yaciwiri ndi ya laisensi ya galimoto: woyendetsa wa ku Texas ayendetsa ku New York popanda kulembanso mayeso, nanga mfuti yasiyana pati? Amakumbutsanso za oyendetsa malole amene amadutsa masiteti khumi pa mlungu umodzi nagona m'mbali mwa misewu, ndi za akazi othawa amuna ankhanza.

Mfundo ya laisensi ikoma kumva, koma ife tiona kuti ili ndi cibowo. Palibe lamulo la ku Washington limene linakakamiza masiteti kulandirana malaisensi a galimoto. Anagwirizana okha, ndipo cinali capafupi kugwirizana cifukwa kulikonse woyendetsa amapimidwa maso, amalemba mayeso, nayendetsa pamaso pa woyesa. Pa mfuti palibe muyeso wofanana wotere. Siteti ina imana cilolezo munthu amene anapezeka ndi mlandu wolondalonda mkazi kapena woyendetsa ataledzera kangapo, pamene ina imupatsa. Lamulo lokakamiza onse kulandirana, popanda kuika muyeso wa pansi, litanthauza kuti siteti yofewetsa koposa ndiyo idzalamulira misewu ya onse, ndipo maola 18 aja a ku New York adzangogwira eni mudzi okha, alendo n'kumadutsa. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti tisamufunse ngati adziwa kumeta. Mu 2018 akuluakulu a apolisi oposa 400 analemba kalata ku Nyumba ya Malamulo kukana biluyo, ndipo cimodzi mwa zodandaula zao cinali ca wapolisi wa pa msewu usiku, amene ayenera kudziwa ngati pepala la siteti yakutali lili loona kapena lopeka.

Apa ndipo tikumbukira LEOSA. Wapolisi wopuma, munthu amene anagwira mfuti zaka 10 kapena kuposa, lamulo limuuza kuti abwerere caka ndi caka kukaonetsa kuti dzanja lace likali lolunjika. Bilu ya anthu wamba inapempha ufulu wofanana popanda kufuna ngakhale tsiku limodzi la maphunziro. Kwa ife, pamenepa ndi pamene mlandu wagona. Sitikhulupirira kuti mai wolera ana, amene anaulula yekha zoona kwa wapolisi, anayenera kuopsezedwa ndi zaka 3 ndi theka m'ndende. Cilango cotere cinaposa kulakwa kwace kutalitali. Koma mankhwala a cilango coposa muyeso ndi kukonza cilangoco, ndipo amene afuna mlatho wotseguka kwa onse akadayamba avomera zingwe zimene apolisi anavomera.

Tingonenako pang'ono za andale, pakuti ndi amodzi kulikonse. Cipani ca Republican, cimene masiku onse cimalalikira kuti Washington asalowerere nkhani za masiteti, pa mfuti cifuna Washington alamule onse. Cipani ca Democratic, cimene cimakonda malamulo a dziko lonse, pa mfuti casanduka mtetezi wa ufulu wa masiteti.

Kodi mfuti zambiri m'matumba zimacepetsa upandu kapena kuuonjeza? Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva linayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba a ku America anali ndi mfuti 393 miliyoni, ndiko kuti mfuti 120 pa anthu 100 alionse. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dzikolo, ndipo oposa theka la iwo anadzipha okha, cinthu cimene ambiri saciganizira pokamba za acifwamba. Mu 1998 katswiri wa zacuma John Lott anatulutsa buku lonena kuti malamulo ofewetsa zilolezo amacepetsa upandu, ndipo linagwira mitima ya aphungu ambiri. Mu 2004 bungwe la akatswiri la National Research Council linapenda umboni nanena kuti sunali wokwanira kutsimikiza mbali iliyonse. Mu 2019 John Donohue wa pa yunivesite ya Stanford ndi anzace, atapenda zaka zambiri zoonjezera, anapeza kuti patapita zaka 10 upandu wa ciwawa unali wokwera ndi 13 mpaka 15 pa 100 alionse kuposa mmene ukadakhalira popanda malamulowo. A mbali ina amayankha kuti eni zilolezo, monga gulu, sapezeka kawirikawiri ndi milandu, ndipo zimenezi n'zoona. Zonse ziwiri zingakhale zoona pamodzi, pakuti mfuti ya munthu wabwino imabedwa m'galimoto, ndipo mkangano wa pa msewu umene ukadathera pa kutukwanizana umathera ku manda.

Pepala ndi mantha

Ilipo nkhani ina imene sitingailumphe. Pa 6 Julai 2016, ku Falcon Heights m'siteti ya Minnesota, wapolisi anaimitsa galimoto ya Philando Castile, bambo wa zaka 32 woyang'anira za cakudya pa sukulu ina ya ana. M'galimotomo munali bwenzi lace ndi kamtsikana ka zaka 4. Iye anali ndi cilolezo cabwinobwino ca siteti yace yomwe, ndipo monga mai Allen anauza wapolisi mwaulemu kuti ali ndi mfuti. Patapita kamphindi wapolisiyo anaomba zipolopolo 7, ndipo Castile anafa. Mu Juni 2017 khoti linapeza wapolisiyo wosalakwa. Onse awiri, Allen ndi Castile, anali anthu akuda. Onse awiri ananena zoona asanakakamizidwe. Wina anathera m'citokosi, wina m'manda. Apa panalibe za malire a masiteti ai, koma nkhaniyi ionetsa kuti pepala la boma silicotsa mantha a munthu wa yunifomu amene waima pa windo la galimoto usiku. Ngakhale pa funso lakuti munthu aulule liti, masiteti sagwirizana: ku Michigan ndi ku North Carolina ayenera kunena yekha msanga, kwina ayembekeza kufunsidwa. Wa paulendo ayenera kuzidziwa zonsezi pamtima, ndipo akaphonya, kusadziwa lamulo sikumupulumutsa.

Mkanganowu walowa ndi m'nyumba zopemphereramo. Khoti Lalikulu linavomera kuti alipo malo ena apadera, monga makhoti, masukulu ndi malo oponyera voti, kumene boma lingaletse mfuti. Mu 2022 New York inaika machalichi pa mndandanda umenewu, koma abusa ena anakasuma, akuti boma lisawasankhire mmene angatetezere nkhosa zao, ndipo mu 2023 lamulo linasinthidwa kuti osankhidwa kulonda pa chalichi aloledwe. A mbali imeneyi amakumbutsa za mu Disembala 2019 ku White Settlement, Texas, kumene munthu anaombera anthu awiri pakati pa mapemphero, ndipo mmodzi wa olonda a mpingowo anamugwetsa m'masekondi owerengeka. Pa 27 Ogasiti 2025, ku Minneapolis, munthu anaombera kudzera m'mawindo a chalichi ca Annunciation pamene ana a sukulu anali pa Misa, napha ana awiri, wa zaka 8 ndi wa zaka 10; mfuti zace anagula mololedwa ndi lamulo. Maepiskopi a Katolika a ku America akhala akupempha malamulo okhwima pa timfuti ta m'thumba kuyambira mu 1975, koma akhristu ao, monga mtundu wonse, ndi ogawikana pa nkhaniyi.

Kwa inu amene muli ndi ana kapena abale ku America, pa sukulu kapena pa ulendo, pali cimodzi coyenera kuwauza. Zonse takambazi ndi za nzika ndi za okhala kumeneko mokhazikika. Lamulo la boma lalikulu liletsa mlendo wolowa ndi viza ya kanthawi, monga ya sukulu kapena yoceza, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zocepa monga kukhala ndi laisensi ya ulenje. Mnzace wa ku Texas angamuuze kuti kuno safuna cilolezo, ndipo adzakhala akunena zoona za iye mwini, osati za mwana wanu.

Kodi masiteti sangathe kumvana okha popanda cikwapu ca ku Washington? Zinacitikapo ku Virginia. Mu Disembala 2015 loya wamkulu wa boma la sitetiyo, Mark Herring, analengeza kuti aleka kulandira zilolezo za masiteti 25 cifukwa miyeso yao inali yofewa kuposa ya Virginia. Eni mfuti anakwiya kwambiri. Patangopita milungu yowerengeka, Bwanamkubwa Terry McAuliffe wa cipani ca Democratic anakhala pansi ndi aphungu a Republican napangana: Virginia idzalandira zilolezo za masiteti onse, ndipo mosinthanitsa padzakhala lamulo lakuti munthu amene khoti lamuletsa kwa nthawi yaitali kuyandikira wa m'banja lace cifukwa ca nkhanza apereke mfuti zace. Mbali zonse ziwiri zinatuluka zikudandaula, ndipo ena a cipani ca bwanamkubwayo anamunena kuti wagulitsa. Malamulowo anasainidwa mu Febuluwale 2016.

Ku New Jersey nako zinthu zinasunthako pambuyo pa mlandu wa Bruen. Munthu safunikanso kuonetsa cifukwa capadera, ndipo wokhala ku Pennsylvania angathe kupempha cilolezo ca New Jersey kudzera kwa apolisi a sitetiyo, atapereka zidindo za zala, maina a anthu omuikira umboni, ndalama, ndi umboni wakuti anakhoza mayeso a kuombera. Koma cilolezo ca Pennsylvania paokha, cija mai Allen anaonetsa wapolisi mu Okutobala 2013, cikali kuthera pakati pa mtsinje wa Delaware.